Ulendo wa ku Gqeberha, Kumene Mpira Umalipirira Mwana Sukulu

Owerenga nyuzi ino, makamaka inu makolo amene muli ndi ana pa sukulu, lero ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda m'nyengo yozizira ya 2025. Ndinapita ku South Africa, ku mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere wotchedwa Gqeberha. Achikulire amene anayendako kale amaudziwa ndi dzina lakuti Port Elizabeth, pakuti dzina latsopanoli linaikidwa mu 2021. Sindinapite kukafuna ntchito kapena kukagula katundu wa malonda ayi, koma ndinaitanidwa pa nkhani ya mwana.

Mlongo wanga wakhala kumeneko ndi mwamuna wake zaka zambiri ndithu. Alamu angawo amagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo mwana wawo wachisamba, mnyamata wa zaka 13, anabadwira konko. Tsiku lina mlongo wanga anandiimbira lamya nati, “Achimwene, kuno kwafika kalata. Sukulu ina ya anthu olemera ifuna kumtenga mwana wanuyu kuti akaphunzire kwaulere chifukwa cha mpira umene amasewera. Ife mitu yaima. Inu ndinu mwini mbumba, bwerani mudzaone ndi maso anu.” Ine ndinadabwa kwambiri, pakuti kwathu kuno mwana wokonda mpira timamkalipira kuti akutaya nthawi ya mabuku, ndipo ndinali ndisanamvepo kuti mpira ungathe kulipirira munthu fizi. Chotero ndinamanga kachikwama kanga ndi kunyamuka.

NJIRA YAKE

Ndinakwera basi ku Blantyre. Tinatulukira pa Mwanza, tinaoloka Zambezi pa Tete, tinalowa m'dziko la Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo titapitirira Harare tinaoloka Limpopo pa Beitbridge. Ku Johannesburg ndinakwera basi ina. Kuchokera kumeneko kukafika ku Gqeberha pali makilomita oposa 1,000, ndipo tinayenda usiku wonse kudzera ku Bloemfontein ndi m'dziko louma la Karoo, kumene nkhosa nzambiri koma mitengo njosowa. Kunazizira koopsa, kotero kuti bulangeti limodzi silinakwane.

Kutacha tinaona nyanja, ndi zombo zazikulu zili pa doko. Mzindawu ndi wa mphepo yambiri, moti nditangotsika basi chipewa changa chinauluka, ndipo mwana wa mlongo wanga ndiye anachithamangira nachigwira. Apo mpamene ndinayamba kuona liwiro lake. Ambiri kumeneko amadya za m'mafakitale a galimoto, koma osowa ntchito ndi ochulukanso. Abale angawo amakhala ku Kwazakhele, lokeshoni ina mwa malokeshoni aakulu a kumpoto kwa mzinda, yoyandikana ndi ina yotchedwa Zwide. Anthu ake ambiri ndi Axhosa.

MPIRA WAKE NDI WOTANI?

Mpira umene mwanayu amasewera dzina lake ndi rugby, ndipo popeza ambiri a ife sitinauonepo, ndiyambe ndaufotokoza. Si wobulungira ngati wathu ayi, koma uli ngati papaya, ndipo ukagwa pansi sudziwika kumene udumphire. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 15. Amaunyamula m'manja nathamanga nawo, ndipo a mbali inayo amaloledwa kumgwira wonyamulayo ndi kumgwetsa pansi. Lamulo lake lodabwitsa ndi ili: munthu saponyera mnzake mpira kutsogolo, koma kumbuyo kapena cham'mbali basi. Amene wakagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani wapata mapointi 5, ndipo mnzake akaumenya bwino ndi phazi nudutsa pamwamba pa mtanda wa magoli, amene aimikidwa ngati chilembo cha H, amaonjezapo 2. Nthawi zina amuna 8 mbali iyi ndi 8 mbali iyo amawerama, nalowetsana mitu, nakankhana ngati ng'ombe zamphongo. Akuluakulu amasewera mphindi 80.

Dzina la masewerawa linachokera ku sukulu ya Rugby ku Mangalande. Nthano yake imati mu 1823 mnyamata wina wa pa sukulupo, William Webb Ellis, ananyamula mpira m'manja nathamanga nawo, ndipo chikho chimene maiko amalimbirana lero chimatchedwa ndi dzina lake. Tsono onani kuti mpirawu unabadwira pa sukulu ya ana a anthu olemera. Ku South Africa nakonso mizu yake ili pa sukulu, ndipo dzikolo latenga chikho cha dziko lonse kanayi: mu 1995, 2007, 2019 ndi 2023.

KU ZWIDE

M'mawa mwake mwanayo anati, “Amalume, tiyeni mukaone kumene timasewera.” Tinayenda pansi kupita ku Zwide, pakati pa tinyumba tating'ono tanjerwa ndi tina tamalata, mpaka tinafika pa bwalo lotchedwa Dan Qeqe.

Ambiri amayesa kuti rugby ndi mpira wa Azungu okha, koma m'chigawo cha Eastern Cape si choncho. Anthu akuda anayamba kuusewera kalekale. Timu yawo ya Union inayamba mu mzinda womwewu mu 1887, ndipo sukulu za mishoni monga Healdtown ndi Lovedale zinathandiza kuufalitsa. Lovedale imeneyi ndi yomwe ija kunachokera William Koyi, amene anabwera kwathu kuno mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia. M'masiku a tsankho anthu akuda sanali kuloledwa kusewera pamodzi ndi Azungu, ndipo bambo Dan Qeqe anali mmodzi mwa atsogoleri amene anakana lamulo limenelo. Mu 1976 Azungu ochepa, mwa iwo abale awiri a banja la Watson, anadza kudzasewera pa bwalo lomweli ndi anthu akuda, ngakhale kuti Mzungu sanali kuloledwa kulowa m'lokeshoni popanda chilolezo.

Koma dzina limene mwana aliyense wa ku Zwide amalitchula lero ndi la Siya Kolisi. Iyeyu anabadwa mu 1991, nakulira ku Zwide komweko m'manja mwa agogo ake aakazi. Iye mwini wanena poyera kuti masiku ena anali kugona atangomwa madzi a shuga, ndi kuti galimoto yake yoseweretsa inali njerwa. Anaphunzira pa sukulu ya pulayimale ya Emsengeni, kumene mphunzitsi wa masewera, bambo Eric Songwiqi, anaona luso lake, ndipo anaseweranso m'timu ya m'lokeshonimo ya African Bombers. Ali ndi zaka 12 anapita ku mpikisano wa ana ku Mossel Bay, ndipo kumeneko anamuona a sukulu ya Grey nampatsa basale, ndilo thandizo lolipirira mwana sukulu. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 15. Pamene dziko lake linatenga chikho mu 2007, iye anaonera masewerawo m'nyumba yomwera mowa, pakuti kwawo kunalibe wailesi ya kanema. Mu 2018 anasankhidwa kukhala kaputeni wa timu ya dziko, ya Springboks, munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindowo pa masewera olimbana ndi maiko ena. Mu 2019 ananyamula chikho ku Japan atagonjetsa England ndi mapointi 32 kwa 12, ndipo mu 2023 anachinyamulanso ku Paris atapambana New Zealand ndi 12 kwa 11.

Madzulo ake ndinaima pambali pa kabwalo kena ka pafupi ndi nyumba kuonerera ana akuphunzira mpira. Pansi panali pouma, pa miyala ndi magalasi osweka, ndipo ana oposa 30 anali kulimbirana mipira iwiri. Ena analibe nsapato. Panali kamnyamata kena kochepa thupi kamene palibe anatha kukagwira, ngakhale mwana wa mlongo wanga yemwe. Nditafunsa ngati nakonso kanalandira kalata, mwanayo anayankha motsitsa mawu nati, “Iyayi amalume. Tsiku la mpikisano uja iyeyu sanapite. Kwawo kunalibe ya minibasi.”

KU GREY

Tsiku lotsatira tinakwera minibasi kukaona sukulu ya Grey, kumene Kolisi anaphunzira. Ulendo wake sukwana ndi theka la ora lomwe, koma munthu ukatsika umayesa wafika m'dziko lina. Sukuluyi inayamba mu 1856 ndipo inatchedwa ndi dzina la Sir George Grey, bwanamkubwa wa Cape wa masiku amenewo. Ili m'dera la Mill Park, pakati pa nyumba zazikulu ndi mitengo ya mthunzi. Nyumba yake yaikulu ndi yoyera, ya nsanja ya koloko, ndipo mabwalo a masewera ndi obiriwira ngati dimba la m'dambo. Bwalo lalikulu la rugby analitcha dzina la Kolisi mu 2022.

Ndinene pano kuti Grey ndi sukulu ya Boma. Koma ndi ya mtundu uja umene makolo amalipira fizi yambiri, ndipo komiti yawo imalemba aphunzitsi ena oonjezera ndi kusamala mabwalo ndi ndalama zimenezo. Pambali pa sukulu zotere pali zinanso zoima pazokha, zimene si za Boma konse, ndipo zambiri zinayambidwa ndi mipingo. Imene inalembera kalata mlongo wanga ndi ya mtundu umenewu. Dzina lake sinditchula, koma si imodzi mwa zimene zatchulidwa m'nkhani ino. Ili kutali ndi Gqeberha, chakum'mawa, ndipo tinapangana kuti tipiteko Loweruka kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu.

KU MAKHANDA

Alamu anapempha mnzawo wina Mxhosa, amene ali ndi galimoto ya hayala, kuti atiperekeze. Anali mwamuna wa zaka ngati 30, wa chifuwa chachikulu, koma woyenda motsimphina pang'ono. Tinanyamuka Lachisanu mbandakucha pa msewu waukulu wa N2. Tinaoloka mtsinje wa Sundays, pafupi ndi nkhalango ya njovu ya Addo, ndipo tinakwera mapiri odzala ndi zomera zonga khonje zimene zimachita maluwa ofiira m'nyengo yozizira. Titayenda makilomita ngati 130 tinatsikira m'tauni ya Makhanda, ndipo woyendetsayo anati tiime kuti tione sukulu zake.

Tauni imeneyi kale inali kutchedwa Grahamstown. Mu 2018 inapatsidwa dzina la Makhanda, mtsogoleri wa Axhosa amene anaithira nkhondo mu 1819. Ili m'chigwa, ndipo ndi yodzala ndi matchalitchi ndi masukulu, pamodzi ndi yunivesite ya Rhodes imene inayamba mu 1904. Mumsewu munali maenje, ngolo za abulu zinali kuyenda pakati pa magalimoto, ndipo anthu anatiuza kuti madzi a m'mipope akhala akuvuta zaka zambiri. Pa phiri la kum'mawa pali malokeshoni a anthu osauka. Komabe m'tauni yomweyo muli sukulu ziwiri zotchuka zoima pazokha: St Andrew's College ya mpingo wa Anglican, imene inayamba mu 1855, ndi Kingswood College ya Methodist, ya mu 1894. Chaka ndi chaka sukulu ziwirizi zimakumana pa tsiku lotchedwa K-Day, ndipo amene anaphunzirapo kale amachokera kutali kudzaonerera.

Kodi fizi yake ndi yotani pa sukulu zotere? Ya Hilton College ku KwaZulu-Natal, imene imadziwika kuti ndiyo yodula koposa, mu 2025 inapitirira R400,000 pa chaka kwa mwana mmodzi wogonera komweko, ndipo St Andrew's sinali kutali kwambiri ndi pamenepo. M'chaka chomwecho ndalama ya ukalamba imene Boma la kumeneko limapatsa nkhalamba inali yongopitirira pang'ono R2,300 pa mwezi. Ndiye kuti gogo wolera mdzukulu akanasunga ndalama yake yonse, osagulako ngakhale mchere, zikanamtengera zaka zoposa 14 kuti alipire chaka chimodzi chokha. Mwa ichi mutha kuona kukula kwa kalata imene mlongo wanga analandira.

CHIFUKWA CHAKE AMAPEREKA

Tili kudya mkate m'galimoto, alamu anafunsa funso limene linali m'mtima mwanganso: “Kodi sukulu imapindulanji potaya ndalama zonsezi pa mwana wa eni?”

Woyendetsa uja anaseka, natifotokozera motere. Sukulu zimenezi zimalimbirana makolo olemera, ndipo chimene chimamveketsa dzina la sukulu msanga ndi timu yake yoyamba ya rugby. Masewera a ana asukulu amaonetsedwa pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti, ndipo pamene sukulu ziwiri za m'tauni ya Paarl zikumana, oonerera amapitirira 20,000. Timu ikamapambana, amene anaphunzirapo kale amakondwa napereka ndalama, makampani amafuna kulemba maina awo pa malaya a osewera, ndipo makolo amathamangira kukalembetsa ana. Chifukwa cha ichi sukulu zimatuma anthu ku mipikisano ya ana kukasaka aluso. Mpikisano waukulu wa zigawo ndi Craven Week, umene unayamba mu 1964 ndipo unatchedwa ndi dzina la Danie Craven. Uli ndi gawo la anyamata a zaka zosapitirira 18 ndi lina la a zaka zosapitirira 13. Ku gawo la ang'onoang'onoli nkumene osaka a masukulu amadzaza, ndipo ku la akuluakulu kumafika a matimu olipira malipiro.

Si kunena kuti mulibe chifundo m'zimenezi ayi. Aphunzitsi ambiri amawakondadi anawo, ndipo ambiri atukuka nazo. Tendai Mtawarira wa ku Harare analandira thandizo lotere pa sukulu ya Peterhouse ku Marondera, ndipo pambuyo pake anasewerera South Africa masewera 117. Koma kholo lidziwe kuti basale ya masewera ili ngati malonda: sukulu ipereka maphunziro, mwana apereka thupi lake.

BONDO LA WOYENDETSA

Apa mpamene tinadziwa chifukwa chake mnzathuyo anali kutsimphina. Iyenso anatengedwa m'lokeshoni ali ndi zaka 13 kupita ku sukulu ina yotere. Anati chaka choyamba chinali chowawa, pakuti Chingerezi chinali kumvuta, sanadziwe kudya ndi foloko, ndipo pa tchuthi anzake a kwawo anali kumuseka kuti wasanduka Mzungu. Koma pa bwalo anali mfumu, ndipo sukulu yonse inali kuimba dzina lake. Ali ndi zaka 17 bondo linathyoka pa masewera, ndipo ngakhale madokotala analikonza, liwiro silinabwererenso.

Ndinamfunsa kuti, “Kodi anakuchotsani sukulu?”

Iye anati, “Iyayi bambo, sanandichotse. Ndinakhala mpaka kumaliza. Koma zaka zinayi zonse ine mabuku sindinali kuwagwira, ndipo palibe anandikakamiza kwenikweni pamene ndinali kupambanitsa timu. Nditatsegula buku ndi bondo lomangidwa, ndinapeza kuti anzanga anandisiya kalekale. Mayeso a Matric ndinakhoza mwapang'ono, osakwanira ku yunivesite. Anandipatsa khasu labwino, ine ndinalitenga ngati chibonga.”

Matric ndi mayeso omaliza sukulu ya sekondale, monga a Fomu 4 kwathu kuno. Mawu amenewa mlongo wanga anawamva ali chete, maso ali pa mwana wake.

Kuvulala pa mpira umenewu si nkhambakamwa. Mu 1980 wosewera wina wa timu ya Western Province, Chris Burger, anamwalira atavulala khosi pa masewera, ndipo anzake anayambitsa thumba la ndalama lothandiza ovulala kwambiri, limene lero limatchedwa Chris Burger Petro Jackson Players' Fund. Kuyambira mu 2009 bungwe la rugby m'dzikolo lili ndi maphunziro otchedwa BokSmart, amene aphunzitsi a mpirawu ndi oimba wezulo ayenera kuchita kuti adziwe kuteteza mitu ndi makosi a osewera. Ndiponso mwa anyamata zikwi zambiri amene amasewera pa sukulu, ndi ochepa okha amene amadzadya za mpira atakula.

TSIKU LOWERUKA

Tinagona kwa mbale wa woyendetsayo, ndipo m'mawa tinafika pa sukulu ija. Masewera anali atayamba kale, pakuti msinkhu uliwonse uli ndi matimu angapo ndipo ang'onoang'ono amayamba mmamawa. Magalimoto a makolo anali ndandanda, utsi wa nyama yootcha uli tolo, ndipo pambali pa bwalo panaima ambulansi. Masana, pamene timu yoyamba inalowa, ana onse a sukuluyo anakhala pamodzi atavala majekete ofanana, naimba ndi kufuula mpaka pansi kunjenjemera. Ndinayang'ana mwana wa mlongo wanga ndipo ndinaona kuti mtima wake wapita kale.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiponso anati safunsa anadya phula. Chotero titalowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ine ndinatulutsa kapepala kamene tinalemba usiku ndi thandizo la mnzathu wa bondo uja, ndipo ndinafunsa mafunso asanu. Loyamba: mwanayu akavulala nasiya kusewera, kodi basale idzatha? Lachiwiri: adzalipira chipatala ndani? Lachitatu: kodi thandizoli likuphatikiza yunifolomu, nsapato za mpira, maulendo a timu ndi ndalama yobwerera kunyumba pa tchuthi? Lachinayi: akayamba kutsalira m'kalasi, adzamthandiza ndani, ndipo kodi mudzalimba mtima kumuimitsa mpira kuti awerenge? Lachisanu: kodi zonsezi mudzazilemba pa pepala ndi kusainira?

Mphunzitsi wamkuluyo sanakwiye ayi. Anati makolo ambiri amangothokoza ndi kusaina osawerenga. Anatiuza kuti basale idzafika mpaka Giredi 12 ngakhale mwana atavulala, malinga akhale wa makhalidwe abwino ndi wolimbikira m'kalasi. Za chipatala anati sukulu ili ndi inshuwalansi ya ovulala pa masewera, koma matenda ena ndi a makolo. Yunifolomu ndi ulendo wa tchuthi anati nzathu, ndipo titawerengetsa tinapeza kuti zimenezi zokha zidzadya malipiro a alamu a mwezi wathunthu ndi kupitirira. Anavomera kulemba zonse m'pangano, ndi kuikamo kuti mwanayo adzakhala ndi mphunzitsi womuyang'anira pa masamu ndi Chingerezi.

Pobwerera ndinamfunsa mwini wake kuti, “Nanga iwe ukuti bwanji?” Iye anati, “Amalume, ndifuna kupita. Koma anzanga adzati ndawathawa.”

OTSALA

Mawu a mwanayo anandikumbutsa kamnyamata ka liwiro kaja. Basale imatola mmodzi, koma bwalo la miyala limatsala momwemo, ndi ana 30 aja. Ndiponso sukulu ya m'lokeshoni imene inamphunzitsa mwana kugwira mpira imataya wosewera wake wabwino, ndipo ulemu umapita kwa ena.

Kuti otsalawo ali ndi luso, umboni wake ndi Makazole Mapimpi. Iyeyu anakulira m'mudzi wa Tsholomnqa, m'chigawo chomwecho, ndipo palibe sukulu yotchuka imene inamtenga. Anasewera m'matimu a kumudzi zaka zambiri osadziwika, nalowa m'timu ya dziko mu 2018 ali ndi zaka 27. Chaka chotsatira, pa masewera omaliza aja a ku Japan, ndiye anakagunditsa mpira kuseri kwa mzere wa England, chinthu chimene wosewera aliyense wa South Africa anali asanachitepo pa masewera omaliza a chikhocho. Tsono ndani angawerenge anzake a Mapimpi amene anatopa panjira? Kolisi mwini wake amanena kawirikawiri kuti mwana sayenera kuchoka kwawo kuti apeze mwayi, ndipo mu 2020 anayambitsa bungwe la Kolisi Foundation, limene mwa ntchito zake limathandiza sukulu za ku Zwide ndi chakudya ndi masewera.

ZIMENE TINAGWIRIZANA

Lamulungu madzulo tinakhala pansi monga banja. Tinagwirizana kuti mwana apite akayambe Giredi 8 m'mwezi wa January 2026, pakuti sukulu za kumeneko zimatsegulira chaka m'mwezi umenewo. Koma tinamuikira malamulo atatu. Lipoti la m'kalasi lizifika kwa ine teremu iliyonse, ndipo ndidzayamba kuona masamu ndisanafunse za mpira. Akagunda mutu pa masewera asabise pofuna kusewera Loweruka lotsatira. Ndipo pa tchuthi chilichonse azipita ku kabwalo kaja kukaphunzitsa anzake zimene waphunzira, ndi kulankhula nawo chinenero chawo. Alamu analonjeza kuti mpikisano wina ukadzafika adzamlipirira minibasi mnyamata wa liwiro uja, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwathu kuno rugby sinafale, koma anthu obwera ndi malonjezo kwa ana odziwa mpira wamiyendo, wamanja kapena kuthamanga tidzawaona ndithu, ndipo ena afika kale. Makolo anzanga, mwayi wotere musaukane chifukwa cha mantha, pakuti ungathe kutsegulira mwana khomo limene inu simukanalitsegula ndi khasu. Koma musasaine pepala limene simunalimve. Itanani mphunzitsi kapena wina wodziwa kuwerenga, funsani chimene chidzachitike mwana akavulala, ndipo kapiteni mukaone malowo ndi maso. Mwana mumuuze kuti miyendo imatha msanga koma za m'mutu amakalamba nazo. Ndipo inu mafumu ndi makomiti a sukulu, bwalo la pa sukulu yanu musalisiye limere chire kapena kuligawa minda. Kuchotsa miyala ndi kudzala kapinga sikufuna ndalama za Boma, kumangofuna manja a mudzi tsiku limodzi Loweruka.

Ndinabwerera njira yomwe ija ya ku Beitbridge ndi Tete, ndipo ndinafika kwathu bwino. Pepala la pangano lija mlongo wanga analisunga m'sutikesi pamodzi ndi makalata a ubatizo, ndipo lina lofanana nalo lili ndi ine kuno.